Thupi Likakana Impso Yachilendo

M'nkhani yathu ya mbiri ya zachipatala lero tikamba za impso, makamaka zimene zimachitika madokotala akatenga impso ya munthu wina ndi kuiika m'thupi mwa wodwala amene impso zake zaleka kugwira ntchito. Ena mwa inu muli ndi mbale amene amapita kaŵirikaŵiri ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre kukasefetsa magazi ake pa makina, ndipo mudamvapo kuti ena adapita ku India kukalandira impso. Mwina mudamvanso za wina amene adabwerako ali wathanzi, nakhala bwino zaka zingapo, kenaka n'kuuzidwa kuti thupi lake layamba kuikana impso ija. Kodi chimene chimaikana impsoyo n'chiyani, ndipo anthu adachitulukira bwanji? Padapita zaka pafupifupi 70 kuti madokotala agwirizane pa yankho lake.

Tiyambe ndi m'mene thupi limadzitetezera. Lili ndi njira ziŵiri zazikulu. Njira yoyamba ndi ya maselo oyera a m'magazi, amene ambirife timaŵatcha asilikali a m'thupi. Ena mwa asilikaliŵa amapita okha pamene pali mdani, namugwira, namupha. Njira yachiŵiri ndi ya maselo ena amene sapita kunkhondo, koma amakhala phee m'kati mwa mafupa ndi m'malo ena obisika, namasula tizida tochepetsetsa totchedwa antibody. Tizidati amatiponya m'magazi monga mivi, ndipo muvi uliwonse umasulidwa moyenerana ndi mdani mmodzi yekha. Ukamulasa, umaitana gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement, limene limadzaboola khungu la mdaniyo. Tsono vuto la madokotala lidali ili: msilikali amapezeka pamalo a nkhondo, ndipo amaoneka pa maikulosikopu, pamene muvi ndi wochepa kwambiri, ndiponso mwini uta ali kutali.

Mbiri ya miviyi iyamba ku Vienna m'chaka cha 1901, pamene Karl Landsteiner adaonetsa kuti magazi a anthu ali m'magulu, amene lero timaŵatcha A, B ndi O, ndi kuti munthu amakhala kale ndi ma antibody olimbana ndi magazi a gulu lina. M'chaka cha 1933, ku Kherson m'dziko la Ukraine, dokotala wina dzina lake Yurii Voronoy adayesa kwa nthaŵi yoyamba kuika impso ya munthu wakufa m'thupi mwa munthu wamoyo. Wodwalayo adali mai wa magazi a gulu O, pamene mwini impso adali wa gulu B. Impsoyo siidagwire ntchito, ndipo maiyo adamwalira patapita masiku aŵiri. Zifukwa zidalipo zingapo, pakuti impsoyo idakhalitsanso yopanda magazi, koma kusiyana kwa magulu a magaziko pakokha kudali kokwanira kuiononga.

Pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse anthu ambiri adapsa ndi moto, ndipo ku Glasgow, Peter Medawar ndi Thomas Gibson ankayesa kuphimba mabala ndi khungu la munthu wina. M'chaka cha 1943 adalemba za chinthu chodabwitsa. Khungu loyamba linkakhala masiku angapo lisanafe, koma akatenganso lina kwa munthu yemwe uja, linkafa msanga koposa loyamba. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Thupinso saliiŵala mlendo amene lidakumana naye kale. Funso lidatsala pa chimene chimapha khungulo. Peter Gorer wa ku London, amene ankafufuza pa mbeŵa, ankakhulupirira kuti ma antibody ali ndi mbali yaikulu. Koma m'zaka za m'ma 1950 Avrion Mitchison adaonetsa kuti mphamvu yokana mnofu wachilendo inkasamuka kuchoka kwa mbeŵa ina kupita kwa inzake ngati wasamutsa maselo, pamene madzi a m'magazi okha, m'mene mumakhala ma antibody, sankaisamutsa. Kuyambira pamenepo akatswiri ambiri adatembenukira kwa asilikali, mivi n'kuiyesa nkhani yaing'ono.

Zochitika m'zipatala zidaoneka ngati zikuvomereza maganizo ameneŵa. Pa 23 Disembala 1954, ku Boston, Joseph Murray adaika impso ya Ronald Herrick m'thupi mwa mbale wake Richard. Aŵiriŵa adali mapasa ofanana ndendende, kotero kuti thupi la Richard silidaone mlendo aliyense, ndipo iye adakhala ndi moyo zaka 8. Kwa anthu osakhala mapasa padafunika mankhwala ogonetsa asilikali aja. M'chaka cha 1963 Thomas Starzl ku Denver adaonetsa kuti mankhwala a azathioprine akaphatikizidwa ndi prednisone, impso za anthu ambiri zimapulumuka, ndipo zipatala zoika impso zidayamba kuchuluka.

Pa nthaŵi yomweyo ena ankatsata njira ina. Ku Paris, Jean Dausset adaona kuti odwala amene adaikidwa magazi kambirimbiri adali ndi ma antibody olimbana ndi maselo oyera a anthu ena, ndipo m'chaka cha 1958 adafotokoza chizindikiro choyamba chimene miviyo inkalasa. Chaka chomwecho Jon van Rood ku Leiden ndi Rose Payne ku Stanford, aliyense payekha, adapeza ma antibody omwewo mwa amai amene adakhalapo ndi pakati kangapo. Zizindikiro zimenezi lero zimatchedwa HLA. Zili pakhungu la maselo pafupifupi onse a thupi, ndipo zili ngati mfunda umene selo lililonse limatchula likafunsidwa kuti ndiwe wa kwa yani. Theka lake munthu amatengera kwa mai ake, theka lina kwa bambo ake. Ndi chifukwa chake mwa abale a mimba imodzi ndi bambo mmodzi, mwayi wakuti aŵiri afanane HLA yonse ndi 1 mwa 4. Ndi chifukwa chakenso mai woyembekezera angathe kusula mivi yolimbana ndi HLA ya mwamuna wake, popeza mwana amene ali m'mimba wasenza theka la zizindikiro za bambo wake. Motero njira zazikulu zimene munthu amapezera mivi yotere zilipo zitatu: kukhala ndi pakati, kuikidwa magazi, ndi kulandirapo kale chiŵalo cha munthu wina.

Mphamvu ya miviyi idaonekera poyera m'zipinda za opaleshoni. Dokotala ankati akatha kusoka mitsempha, namasula magazi, impso inkafiira bwino ndi kuyamba kudontha mkodzo. Koma kwa odwala ena, pasanathe ndi ola lomwe, impso ija inkayamba maŵangamaŵanga, n'kuda, n'kulobodoka, dokotala ali chiyang'anire, ndipo ankayenera kuichotsanso. M'chaka cha 1966 Flemming Kissmeyer-Nielsen ndi anzake ku Aarhus m'dziko la Denmark adaonetsa kuti odwala otere adali kale ndi ma antibody olimbana ndi maselo a mwini impso opaleshoni isanachitike.

Apa m'pamene paloŵa munthu amene dzina lake silisoŵa m'mbiri iyi, Paul Terasaki. Iye adabadwira ku Los Angeles m'chaka cha 1929, makolo ake ali ochokera ku Japan, ndipo pa nthaŵi ya nkhondo banja lonse lidatsekeredwa ku msasa wa Gila River ku Arizona pamodzi ndi anthu ena a mtundu wawo. Atakula adakaphunzira ntchito kwa Medawar ku London, kwa mphunzitsi weniweni wa chiphunzitso cha maselo, koma iye mtima wake udakhala pa ma antibody moyo wake wonse. M'chaka cha 1964, pamodzi ndi John McClelland, adakonza njira yoyesera magazi ndi kadontho kochepetsetsa. Amatenga madzi a m'magazi a wodwala, nasakaniza ndi maselo oyera a wopereka impso, naonjezapo complement yochokera kwa akalulu ndi utoto pang'ono. Ngati wodwala ali ndi mivi yolimbana ndi woperekayo, maselo amabooka, utoto n'kuloŵa, ndipo pa maikulosikopu amaoneka kuti afa. Kuyesa kumeneku kumatchedwa crossmatch. M'chaka cha 1969 Ramon Patel ndi Terasaki adafalitsa chiŵerengero chimene chidasintha ntchito yonse. Mwa impso 30 zimene zidaikidwa crossmatch itaonetsa kuti mivi ilipo, 24 zidalephera nthaŵi yomweyo. Mwa impso 195 zimene crossmatch idali yabwino, zolephera motero zidali 8 zokha. Kuyambira pamenepo kuyesa kumeneku kudasanduka lamulo, ndipo impso yodera pa tebulo la opaleshoni idakhala chinthu chosoŵa.

Chipambano chimenechi chidabweretsa tulo. Anthu adaganiza kuti nkhani ya ma antibody yatha: ingoyesani magazi musanachite opaleshoni, basi. Ndipo pamene mankhwala amphamvu a cyclosporine, amene Roy Calne adayamba kuŵayesa pa odwala ku Cambridge m'chaka cha 1978, adafala m'zaka za m'ma 1980, impso zambiri zidayamba kupyola chaka choyamba zili bwino. Komabe padatsala zinthu ziŵiri zosamveka. Choyamba, odwala ena ankakana impso patapita masiku kapena masabata, ndipo mankhwala ogonetsa asilikali sankaphula kanthu. Chachiŵiri, ngakhale chaka choyamba chinkayenda bwino, impso zinkapitirira kufa pang'onopang'ono patapita zaka 5 kapena 10, monga kale. Madokotala ankati akaboola impso ndi singano kuti atengeko kachidutswa ka mnofu n'kukaunika, ankapeza zipsera, koma wochita zipserazo osamuona.

M'chaka cha 1990 Philip Halloran ndi anzake ku Edmonton m'dziko la Canada adafotokoza za odwala amene adakana impso mwamphamvu pambuyo pa opaleshoni, ali ndi ma antibody olimbana ndi HLA ya wopereka, ndipo chionongeko chili m'timitsempha ta magazi. Umboni wa m'mnofu weniweniwo udachokera ku Munich m'chaka cha 1991, kwa Helmut Feucht. Iye adachita monga mlenje amene, posaiona nyama, amayang'ana mapazi ake. Muvi ukalasa khoma la mtsempha sukhalitsa, umachoka. Koma complement imene udaitana ija imasweka m'zidutswa, ndipo kachidutswa kena, kotchedwa C4d, kamatsalira katamatirira pakhomapo masiku angapo. Feucht adapaka mnofu wa impso ndi mankhwala oonetsa C4d, napeza kuti mwa odwala ena timitsempha ting'onoting'ono tozungulira timipope ta mkodzo tidali todzaza ndi kachidutswaka. M'chaka cha 1993 adaonetsa kuti impso zotere zinkafa msanga koposa zinzake. Ambiri sadalabadire msanga, kufikira m'chaka cha 1999 pamene gulu la Robert Colvin ku Boston lidatsimikiza kuti pamene pali C4d, m'magazi mwa wodwala mumapezekanso ma antibody olimbana ndi wopereka impso.

Akatswiri ounika mnofu wa impso adali atayamba kukumana m'tauni ya kumapiri ya Banff ku Canada m'chaka cha 1991, motsogozedwa ndi Kim Solez ndi Lorraine Racusen, kuti dziko lonse lizitchula matenda ameneŵa ndi maina ofanana. Pa msonkhano wawo wa 2001 adagwirizana, ndipo m'chaka cha 2003 adafalitsa, mfundo zozindikirira kukana impso kochitika ndi ma antibody. Padafunika mboni zitatu: chionongeko chooneka m'mnofu, C4d m'timitsempha, ndi ma antibody olimbana ndi wopereka m'magazi. Ŵerengani zaka kuchokera kwa Voronoy, mupeza 70. Chaka chomwecho Terasaki, ali ndi zaka zoposa 70, adalemba nkhani yotchuka yonena kuti ma antibody ndiwo amapha impso zambiri zimene zimafa mochedwa. Nthaŵi yomweyonso kudabwera njira yatsopano yoyesera magazi, ya timikanda tochepetsetsa, kamkanda kalikonse katavekedwa mtundu umodzi wa HLA. Makina amaŵerenga timikanda timene mivi ya wodwala yalasa, kotero kuti dokotala amadziŵa dzina lenileni la chizindikiro chimene thupi likudana nacho, ngakhale mivi ikhale yochepa kwambiri. Mfundo za ku Banff zidapitirira kukonzedwa. Mu 2005 adaonjezapo mtundu wa matendaŵa woyenda pang'onopang'ono, ndipo mu 2013 adavomereza kuti nthaŵi zina mivi imaononga impso osasiya C4d, poitana maselo ena kuti adzagwire ntchitoyo.

Mtundu woyenda pang'onopang'onowu ndiwo woopsa kwa munthu amene wabwerera kwawo akuti wachira. Impso imodzi ili ndi tisefa pafupifupi 1,000,000, ndipo tambiri tingathe kuonongeka munthu osamva kupweteka kulikonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene nyansi yotchedwa creatinine iyamba kukwera m'magazi, kapena mapuloteni kuoneka mumkodzo, nthaŵi zambiri zipsera zimakhala zitakhazikika kale. Ndi chifukwa chake zipatala zambiri zimayesa magazi a wolandira impso nthaŵi ndi nthaŵi kufunafuna mivi yatsopano, ndipo kuyambira cha m'ma 2017 zina zimayesanso tizidutswa ta DNA ya mwini impso timene timatayikira m'magazi impsoyo ikamavulala. Komabe mau omaliza akadali a singano ndi maikulosikopu.

Nanga akaipeza miviyo, amachita nayo chiyani? Pano mbiri yathu siikoma monga mbali yoyamba ija. Njira yodalirika kwambiri ndi yotsuka magazi. Makina amapatula madzi a m'magazi, m'mene muli ma antibody, naŵataya, n'kubwezeramo madzi ena oyera. Pambuyo pake wodwala amapatsidwa kudzera m'mtsempha mankhwala otchedwa IVIG, amene ndi ma antibody abwino osonkhanitsidwa kwa anthu zikwizikwi opereka magazi, kuti afooketse oipa aja. Stanley Jordan ku Los Angeles ndiye adalimbikira za IVIG, ndipo Robert Montgomery ku Baltimore adafalitsa mu 2000 njira yophatikiza ziŵirizi. Matenda akapezeka msanga, m'masabata kapena miyezi yoyamba, njira imeneyi imapulumutsa impso zambiri. Koma kutola mivi sikuletsa wosula, ndipo maselo osula aja angathe kukhala m'mafupa zaka zambiri.

Choncho madokotala adayesa kulondola mwini uta. Adabwereka mankhwala a matenda a khansa ya m'magazi. Rituximab amapha maselo amene akukonzekera kukhala osula mivi, koma kafukufuku wa ku France wofalitsidwa mu 2016 sadapeze phindu loonjezera pa njira yakale ija. Bortezomib amalimbana ndi osula enieniwo, koma kafukufuku wa ku Vienna wa mu 2018, pa odwala 44 amene matenda adaŵapeza mochedwa, adaonetsa kuti impso zinkafookabe chimodzimodzi, mankhwalawo n'kumangoonjezera zovuta zina. Padapezekanso imlifidase, wochokera kwa kachilombo ka Streptococcus, amene amaduladula ma antibody onse a mtundu waukulu m'maola ochepa. Maiko a ku Ulaya adaŵavomereza mu 2020 kuti azitsegulira njira odwala amene mivi yawo yachuluka kwambiri kuti alandire impso, koma mivi imabwereranso patapita masiku. Chiyembekezo china chidadza mu 2024, pamene kafukufuku wamng'ono wa ku Vienna ndi Berlin, wa odwala 22, adayesa mankhwala a felzartamab. Patapita masabata 24, zizindikiro za matenda m'mnofu zidazima mwa odwala 9 mwa 11 amene adalandira mankhwalawo, poyerekeza ndi 2 mwa 10 amene sadalandire, ngakhale kwa ena matenda adayambiranso mankhwala atalekedwa. Odwala 22 ndi ochepa, ndipo akatswiri adati pafunika kafukufuku wamkulu.

Tsono, omvera athu, mwaona kuti luso loona miviyi lidathamanga koposa luso loithetsa. N'chifukwa chake chiŵerengero china cha ku Edmonton, cha m'chaka cha 2012, chiyenera kumveka bwino m'nyumba iliyonse m'mene muli wolandira impso. Ofufuza adatsata odwala 315 amene adaunikidwa mnofu wa impso. Impso 60 zidafa, ndipo mwa 56 zimene chifukwa chake chidadziŵika, 36 zidafa chifukwa thupi lidazikana, ma antibody ali pakati pa mlanduwo. Mwa eni impso 36 amenewo, 17 adali osamwa mankhwala awo monga adauzidwira. Maselo osula mivi sayamba ntchito popanda chilolezo cha asilikali aja, ndipo mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga tacrolimus ndi mycophenolate, ndiwo amagonetsa asilikaliwo. Munthu akadumphitsa masiku, kaya chifukwa akumva bwino, kaya mankhwala atha ndipo ndalama zasoŵa, thupi limapeza mpata wophunzira mfunda wa mlendoyo, ndipo likauphunzira siliuiŵala.

Kwa inu amene mukukonzekera ulendo wotere, mbiri iyi ikusiyirani zinthu zogwirika. Uzani dokotala nthaŵi zonse zimene mudaikidwapo magazi, ndipo inu amai, tchulani mimba zonse, ndi zimene zidapita padera zomwe, makamaka ngati wopereka impso ndi amuna anu kapena mwana wanu. Magazi amapulumutsa moyo pamene afunikadi, koma kwa woyembekeza impso, madokotala amayesetsa kupeŵa kumuika magazi ngati pali njira ina. Banja likamasonkha ndalama za opaleshoni, liŵerengerenso za mankhwala ndi za kuyezetsa magazi kwa zaka zonse za m'tsogolo, pakuti impso imene mbale wanu wapereka ndi imodzi mwa ziŵiri zokha zimene adali nazo.

Paul Terasaki adamwalira m'chaka cha 2016, ataona maganizo ake, amene ambiri adaŵanyalanyaza kwa zaka zambiri, akuphunzitsidwa m'sukulu za udokotala. Ntchito imene adaisiya, yopeza mankhwala otsimikizika oletsa osula mivi, ikali m'manja mwa ofufuza.